Njinga Imene Ndinakabweza ku Bwanje

Abale anga, sindinaime pano chifukwa ndine wabwino kuposa inu. Ena mwa inu tamwera chikho chimodzi. Uyo wakhala pafupi ndi zenerayo anandinyamulapo pa wilibala kuchoka pamsika wa Kandeu, asabise nkhope, ndikumuthokoza mpaka lero. Dzina langa ndine Filimoni, ambiri mumandidziwa kuti a Ngozo. Zimene ndinene ndazilemba ndekha papepala ili, ndiye ndikamakakamira pa mawu ena mundipirire. Cholembera ndinachigwira imvi zitamera kale.

Ndinali munthu wa ku migodi. Ku Joni ndinapita katatu, ndipo ndinabwerako ndi sutikesi, wailesi, jekete lachikopa ndi ludzu. Njira ya ku Joni itatsekedwa, wailesi inapita, jekete linapita, ludzu linatsala. Ndinali mkamwini kwa mkazi wanga. Anandipirira zaka zisanu, kenako abale ake anandiikira sutikesi pakhomo. Ndinabwerera kwathu, kwa mlongo wanga Esitere, amene mwamuna wake anali atamwalira kale.

Esitere naye anamwalira sukulu itangokhala yaulere. Anasiya ana awiri: Lameki, wa zaka khumi ndi ziwiri, ndi Tiyamike, amene anali akukwawa. Mwambo wathu mukuudziwa. Mwana wa mlongo wako ndi wako, malume ndiye mwini mbumba. Titachoka kumanda akuluakulu anandikhazika pansi n’kunena kuti, “A Ngozo, ana ndi awa.” Ndinavomera ndikununkha kachasu.

Chaka chomwecho kunabwera lole yofuna anthu okagwira ntchito ku maesiteti a fodya. Kapitawo wake anandipeza pamowa. Anandigulira botolo, n’kundipatsa bulangete latsopano, ndipo ine ndinadinda chala papepala limene sindinadziwe kuti likunena chiyani. Lameki anali mu sitandade 5. Anali mwana wanzeru, ndiye ankawerengera anthu makalata m’mudzi mwathu. Akukwera lole anandifunsa kuti, “Malume, ndikabwerako ndidzapitiriza sukulu?”

Ndinati, “Udzapitiriza.”

Ndimvetseni bwino. Sukulu inali yaulere. Ndinalibe chonamizira.

Patapita dzinja lachiwiri, munthu wa m’mudzi woyandikana nafe anabwerako ku esiteti ija. Ananditengera pambali n’kundiuza kuti mwanayo anadwala chifuwa, anamwalira, ndipo anamuika kumanda a alendo. Sindinapiteko. Sindinalire maliro, sindinamete. Ndinauza anthu kuti Lameki wathawira ku Joni ngati malume ake, ndipo bodza limenelo ndinalinena zaka zoposa khumi, mpaka nthawi zina ndikaledzera ndinkalikhulupirira ndekha.

Tiyamike anamulera mayi wina wa mbumba yathu yomweyo, a Nachisale. Ine ndinali malume wa dzina. Sopo sindinamugulirepo, kope sindinamugulirepo. Anakula choncho, sukulu ya lero wapita mawa wajomba, mpaka anafika sitandade 7 ali namwali. Tsiku lina akugulitsa tomato pamsika anamuona bambo wina wogula mpunga wa kumunsi ku Bwanje, a Dzimbiri. Anali ndi mkazi kale, ndipo ana ake ena anali aakulu kuposa Tiyamike. Koma mwambo anautsata bwinobwino. Anatuma ankhoswe ake kwa ine, ndipo ulendo wachiwiri ankhoswewo anabwera akukankha njinga yatsopano, ya belu ndi kaliyala. Ndinailandira. Tinagwirizana kuti mpunga ukakololedwa adzatenge mkazi wawo. Mwezi wonse ndinazungulira Kandeu ndikuliza belu ngati mwana.

Nthawi imeneyo masisitere ena anali atatsegula nyumba kufupi ndi Boma, yolandira achinyamata amasiye. Ena ankawabwezera kusukulu, ena ankawaphunzitsa kusoka, ukalipentala ndi ulimi. Wamkulu wawo anali mayi wamfupi, wa tsitsi lakuda lowongoka, dzina lake Sisitere Luzi. Ife tinkangoti Mchaina. Aphunzitsi a Tiyamike ndiwo anakapereka dzina la mwanayo kumeneko. Sisitereyo anabwera kwathu kawiri, ndipo kawiri konse nditangoona chovala chake pamsewu ndinathawira kudimba. Kachitatu anandipeza m’mawa, mutu ukuwawa ndi mowa wa dzulo lake, nditagwada pakhonde ndikuthira mafuta tcheni cha njinga. Pothawira panalibe.

Ndinamupatsa mpando. Anakana, anakhala pansi n’kupinda miyendo ngati mayi wa kwathu konkuno.

“Mpando ndi wa malume,” anatero. Chichewa chake chinali cha pang’onopang’ono koma chomveka. “Ndapita kwa a Nachisale, akuti iwo alibe mawu. Ndapita kwa aphunzitsi, nawonso alibe mawu. Onse akuti mawu ali ndi inu. Ndiye ndabwera kwa mwini mawu. Tikufuna Tiyamike akakhale nafe, amalize sukulu.”

Ndinati, “Mwachedwa, asisitere. Mwanayo amufunsira kale.”

“Iyeyo akufuna?”

“Mwana safunsidwa zimenezo. Inu a kunja simungamve. Kwanu mumadya n’kutaya. Umphawi mumauonera pachithunzi.”

Anaseka mpaka anagwira pamimba. Kenako anavula nsapato n’kundionetsa kuphazi. Abale anga, ndaona mapazi a anthu a mu mgodi, koma lija linali lina. Linali ndi zipsera ngati nkhuni imene ana aisewerera ndi chikwanje.

“Amenewa ndi magalasi ndi zitini,” anatero. “Kwathu si ku China ayi, ndi ku Filipini, dziko la zilumba. Mumzinda umene ndinabadwira muli malo otayako zinyalala za mzinda wonse. Zinaunjikana mpaka zinakhala phiri, ndipo limafuka utsi masiku onse. Ife tinkakhala m’munsi mwake. Ndinayamba kutola mabotolo ndi zitsulo ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Lole ikabwera kudzataya tinkaithamangira, amene wafika msanga ndiye adya. Makolo anga atamwalira tinatsala m’manja mwa amalume, ine ndi mlongo wanga wamwamuna. Amalumewo ankamwa.”

Ndinasiya tcheni chija.

“Kunabwera anthu a bwato lalikulu la nsomba. Ankafuna anyamata aang’ono oti azimira pansi pa nyanja n’kumathamangitsira nsomba mu ukonde. Amalume anamupereka mlongo wanga. Ananyamuka atavala malaya anga a sukulu, popeza ake anali atang’ambika. Sanabwerenso. Pomwe ali sitikudziwa.”

Ndinaimirira n’kukalipa kuti, “Wakuuzani za Lameki ndani? Ndi Nachisale eti? Mwabwera kudzandinyoza pakhomo panga?”

Anandiyang’ana modabwa. “Lameki ndani?”

Sankadziwa kanthu. Ankangonena za kwawo. Ndinadziulula ndekha.

Tiyamike, amene ankabwera kudzandithandiza ntchito zapakhomo, anali kuseri kwa nkhokwe akutsuka mbale, ndipo zonsezi ankamva. Anabwera manja ali onyowa, anagwada patali pang’ono monga ankachitira masiku onse, n’kunena kuti, “Lameki ndi achimwene anga, asisitere. Anafera ku esiteti.”

Ndinati, “Iwe, khala chete. Mlongo wako ali ku Joni.”

“Malume, mudzi wonse ukudziwa. Ine ndinamva pachitsime ndili sitandade 2. Anthu amangokuchitirani ulemu.”

Zaka zonse zija ndinkayesa kuti ndabisa. Anthu ankandiyankha kuti “eya, ku Joni” chonsecho akudziwa, ndipo kamwana aka kankandipatsa madzi osamba kakudziwa.

Sanakweze mawu. Anayang’ana pansi n’kupitiriza. “Ku Bwanje sindikukana, mawu ndi anu. Ndingofunsa chimodzi. Ndikakafera kumeneko, mudzabwera kudzaona pomwe andiika? Kapena mudzauza anthu kuti nanenso ndili ku Joni?”

Ndagweredwapo ndi mwala mu mgodi, ndamenyedwapo pamowa mpaka kukomoka, koma sindinamvepo ululu ngati umenewo. Ndinakhala pansi, mpando uli pomwepo. Nkhuku zinkatola madeya pakati pathu. Ndinkayang’ana manja anga akuda ndi mafuta a njinga. Ndinafuna kukwiya koma mkwiyo sunabwere. Ndinafuna kunama koma bodza linali litatha.

Patapita nthawi sisitereyo anavala nsapato yake n’kumaliza nkhani ija, mofatsa, ngati akuuza khoma.

“Kunali Akhristu ena amene ankabwera kuphiri la zinyalala lija Loweruka lililonse ndi mpunga ndi mankhwala a zilonda. Anali ndi nyumba ya ana. Anati atha kunditenga, koma pokhapokha amalume atalola. Anapita kwa iwo kangapo. Tsiku lina anawapeza asanamwe, ndipo anati inde. Mowa sanausiye mpaka imfa, bambo. Sanali munthu wabwino. Koma inde mmodzi yekhayo ndi amene wandifikitsa pakhomo panu lero. Amene tinakulira m’nyumba imeneyo, wina ndi namwino, wina amakonza magalimoto, wina akuphunzitsa ana kuphiri komweko. Sitinali anzeru kuposa amene anatsala. Tinangopeza khomo lotseguka ndi munthu wotilola kulowa.” Anadzuka n’kusansa fumbi. “Ndibweranso Lachisanu ndi pepala. Mukadzati ayi, ndidzamva.”

Tsopano apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa kulira n’kosavuta. Ndinalira tsiku limenelo, koma kulira sikunasinthe kanthu. Pamwambo wathu sindikanatha kunena inde kwa sisitere njinga ya a Dzimbiri ili m’nyumba mwanga. Mphatso ya ukwati ikalowa pakhomo, mwanayo ndi wa eni mphatso. Iyenera kubwerera kumene inachokera, masana, anthu akuona. Ndinapita kwa msuweni wanga amene tinali naye pa unkhoswe kuti tipitire limodzi. Anati, “Belu munkaliza nokha, a Ngozo. Manyaziwo mukasenzenso nokha.”

Lachitatu m’mawa ndinanyamuka. Sindinaikwere. Mumtima mwanga inali itasiya kukhala yanga, ndiye ndinaikankha njira yonse yotsikira ku Bwanje. Kutentha kwa kumeneko mukukudziwa. Anyamata a kabaza ankandidutsa akukuwa kuti, “Agogo, yaphwa? Bwerani tikupopereni!” Wina anati, “Mwaiba kapena? Wakuba yekha ndiye amaopa kukwera!” Ndinadutsa pakhomo pa mayi amene ankatitcherezera kachasu. Anzanga anali atayamba kale. Anandiitana kuti, “A Ngozo, kamodzi kokha, kotsuka fumbi!” Kukhosi kunauma ngati ndameza phulusa. Ndinagwira mahandulo mwamphamvu mpaka zala zinachita dzanzi, ndipo ndinadutsa. Ndikanaima pamenepo, bwenzi lero ndikukuuzani nkhani ina.

A Dzimbiri ndinawapeza pasikelo yawo, anthu ali pamzere ndi matumba a mpunga. Ndinaimika njinga patsogolo pawo, n’kuvula chipewa.

“Ndabweza katundu wanu. Mwana sabwera. Akupita kusukulu.”

Anayang’ana njinga, n’kuyang’ana ine. “Mwakhuta kale m’mawa uno?”

“Sindinamwe.”

“Ndiye mwapenga. Matayala mwawadya mwezi wonse, lero mukuti bwanji?” Anatembenukira kwa anthu a pamzere aja kuti onse amve. “Mukumuona mkulu uyu? Mwana woyamba wa mlongo wake anamupereka pa bulangete. Lero njinga yamuchepera!”

Anthu ena anaseka. Mpaka ku Bwanje nkhaniyo inali itafika. Kale ndikanalumpha n’kumugwira pakhosi. Koma ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, “N’zoona. Ndinamupereka pa bulangete ndipo anafa. Dzina lake anali Lameki. N’chifukwa chake ndabwera.”

Kuseka kunatha. Kanali koyamba kunena mawu amenewo pagulu. Mkazi wa a Dzimbiri, amene anali chikhalire pakhonde la sitolo, analowa m’nyumba n’kutuluka ndi kapu ya madzi. Anandipatsa atagwada, mwamuna wake akuyang’ana.

Nkhani sinathere pomwepo. Patapita masiku a Dzimbiri anakandisumira kubwalo la amfumu, ndipo anandigamula kuti ndikagwire ntchito m’munda wawo wa mpunga milungu itatu chifukwa chowachititsa manyazi. Ndinaigwira. Udzudzu unandidya, msana unatsala pang’ono kuduka, koma sindinajombe tsiku ndi limodzi lomwe.

Lachisanu lija sisitere anabwera ndi pepala lake ndi inki. Nditatambasula chala, ndinachibweza. Ndinati, “Ndinadindapo kale chinthu chimene sindinachimve. Tiyamike, werenga.” Anawerenga mawu onse, limodzi limodzi, mpaka pansi. Ndinamufunsa kuti, “Iweyo ukufuna?” Anati, “Ndikufuna, malume.” Ndinadinda.

Sisitere akupinda pepalalo anati, “Lachiwiri ndi Lachinayi masana timakhala ndi sukulu ya akuluakulu pansi pa mtengo wa mango. Amayi alipo ambiri, abambo akuchita manyazi.”

Ndinati, “Manyazi anga ndawasiya ku Bwanje.”

Sindikunamizani kuti mowa unathera pomwepo. Ndinagwa kawiri. Ulendo woyamba panali pamaliro, wachiwiri panalibe chifukwa chilichonse, ndinangodzuka ndi ludzu. Koma ndikuuzeni zimene zinandithandiza, mwina wina zimuthandiza.

Ndinasintha njira. Kuchoka kwathu kupita kumsika njira yachidule imadutsa pakhomo pa kachasu. Ndinayamba kuzungulira kudzera kudambo, ngakhale ndi kutali, ndipo mpaka lero ndimadzera komweko. Musamayese mphamvu zanu pakhomo pa mowa, zilibe phindu.

Ndinadzaza masana. Munthu womwa samwa chifukwa cha ludzu lokha, amamwa chifukwa dzuwa latalika ndipo alibe kopita. Masiku a sukulu ndinkayenda kupita kwa masisitere, masiku ena ndinkawalimira dimba la masamba amene achinyamata aja ankadya. Ndinakhala pansi pa mango ndi amayi, mwamuna ndekha, akundiseka kuti chilembo changa cha “g” chikuoneka ngati mbuzi yogona. Ndinapirira. Chaka chachiwiri ndinawerenga ndekha ndime m’Baibulo, ndikutuluka thukuta ngati ndikusenza thumba.

Ndiponso ndinaima m’tchalitchi mwathu n’kunena za Lameki, dzina lake ndi zimene ndinachita. Tinamulira patapita zaka zonsezo, a Nachisale anaphika, abale anabwera, ndipo ndinameta. Pambuyo pake ndinakwera basi kukafuna manda ake. Ndinapeza esiteti ija inasintha eni, kumanda a alendo kuli thengo, ndipo panalibe munthu wondilozera. Ndinaima pamenepo n’kupemphera, ndinabwerako chimanjamanja. Chimenecho sichidzakonzeka. Mulungu anandikhululukira, ndikukhulupirira, koma mwanayo sanabwerere. Musadikire kuti mufike pamene ndinafika ine.

Kunyumba ya masisitere kuja ndaona zinthu ndi maso anga. Ndaona mnyamata amene ankagona pakhonde la sitolo ku Boma akukhoma zitseko zimene anthu akulimbirana. Ndaona mtsikana amene anabwera osalankhula ndi munthu akutsogolera kwaya. Ena analephera, anathawa, sindibisa. Ndipo ndaona ambiri amene sanafike n’komwe, chifukwa malume wawo anali atalandira kale mbuzi kapena matumba a feteleza. Masisitere ndi Akhristu anzawo angathe kumanga nyumba, kuphika, kuphunzitsa, koma pakhomo pa mwana pamaima ife. Sisitere Luzi anawoloka nyanja zingapo, komabe anayenera kukhala pansi pakhonde la chidakwa kudikira mawu.

Tiyamike anamaliza pulayimale, anapita ku sekondale, kenako anaphunzira za magetsi a dzuwa. Zaka zonsezo ankandipatsa ulemu, koma sitinkacheza. Akabwera patchuthi ankafikira kwa a Nachisale, kwa ine ankangobwera kudzapereka moni. Sindinamukakamize. Ndinalibe ufulu umenewo.

Sabata yoti alandire satifiketi yake anandipeza kudimba ndikuthirira. Anaima m’mphepete mwa bedi la mpiru, anali atakula, wavala ovolosi ya ntchito.

“Malume.”

“Ee, mwanangu.”

“Za achimwene sindinaiwale.”

Ndinaika kheni pansi. “Usaiwale. Inenso sindidzaiwala.”

Anakumba dothi ndi nsonga ya nsapato. Kenako anati, “Loweruka kuli mwambo. Akuti aliyense akamaitanidwa dzina, kholo lake liime naye kutsogolo. A Nachisale miyendo ikuwavuta. Mubwere. Koma mumete ndevu, ndipo jekete mukabwereke labwino, osati lija lakubowoka pachigongono.”

Ndinabwereka jekete kwa aphunzitsi, manja ake anali aafupi. Loweruka ataitana dzina lake ndinaimirira, ndinayenda naye pakati pa anthu onse aja mpaka kutsogolo, ndipo ndinaima kumbuyo kwake osagwedera. Ndinali nditatha zaka zinayi osamwa.

Abale anga, ndikudziwa kuti m’chipinda muno muli amalume. Wina ali ndi mwana wa mlongo wake kunyumba, ndipo mawu a mwanayo ali m’kamwa mwake. Sindikukuuzani kuti muyambe mwakhala oyera. Ine ndinanena inde ndikadali chidakwa. Mukatuluka pano, mukamuitane mwanayo, mukhale naye pansi, mumufunse chimene akufuna, ndipo akayamba kuyankha musamudule mawu.